MAWU A KALALIKI: Galimoto Yakuda Imene Inasanduka Nkhanga

 Sabata ino ndayamba ndaika pambali mafunso a matikiti ndi a tchuthi amene mundifunsa kawirikawiri pa windo la ofesi, pakuti ndili ndi kanthu kena kamene ndinaona ndi maso anga ku Highfield. Ndiganiza kuti kakhudza ambiri a inu amene mwagula galimoto, ndiponso ena amene muli kusunga ndalama kuti mudzagule.

Loweruka lina mwezi wa October ndinakwera kombi kunka ku Harare, ndipo ndinakatsika pa Machipisa. Kwa inu amene simunafikeko, Machipisa ndiwo masitolo aakulu a ku Highfield, pamene pali hotela ya Mushandirapamwe, ndi bwalo la mpira la Gwanzura chapafupi pomwepo. Dzinalo m'Chishona linena za kutchipitsa malonda, ngakhale ine tsiku lija sindinaonepo chotchipa, kupatula botolo limodzi limene nditchule patsogolopa. Ndinapita kukazonda mkulu wina wa kwathu ku Dedza, amene agwira ntchito ku pulanti pa mgodi wathu wa golide, ndipo banja lawo likhala m'nyumba ina kuseri kwa masitolowo.

Ndinawapeza atakhala pa mpando panja, ali duu, maso ali pa galimoto yawo. Galimotoyo ndi Toyota yakuda, ya zija zichokera ku Japan zitayendako kale. Ine ndinali kuidziwa bwino ndisanaione n'komwe, chifukwa mwezi uliwonse dzanja langa ndilo lilemba ngongole yake pa pepala la malipiro, ndipo patsala miyezi yambiri kuti ithe. Tsono galimoto yakuda ija inali itasanduka nkhanga. Pa boneti, pa denga, m'zitseko ndi m'magalasi, ponseponse panali timawanga toyera tozungulira, tina tating'ono ngati mapira, tina ngati ndalama yachitsulo.

"Mwafika bwino, a Kalaliki," anatero mkuluyo. "Taonani zimene andichita. Miyezi itatu ndili ku mgodi, galimoto ndasiyira mwana wa mlongo wanga, ndipo ndapeza izi. Ndatsuka ndi sopo kawiri, sizichoka. Kaya ndi mnyamatayu waithira mankhwala oipa, kaya ndi wa nyumba iyo, amene chigulire galimotoyi sandipatsa moni."

Ine ndinati, "Bambo, musanatchule munthu, tiyeni timve kwa mnyamatayo mmene aitsukira."

Anamuitana. Anabwera akunjenjemera, pakuti anali atauzidwa kale kuti Lolemba akwera basi kubwerera kumudzi, sukulu ithere pomwepo. Anagwada nati, "Amalume, ine ndimaitsuka tsiku lililonse ndikaweruka ku sukulu. Ndimatunga ndowa zinayi ku mjigo, ndimathira, kenaka ndimaisiya padzuwa kuti iume msanga. Ndimafuna kuti mukabwera muipeze yowala."

Mlandu wonse unali m'mawu amenewo, abale. Khama la mwanayo ndilo linabala mawanga.

Madzi amene titunga pansi pa nthaka sabwera okha. Mvula ikagwa nilowa m'dothi, itenga mpweya wa m'dothimo nikhala ndi kuwawasa pang'ono kosamveka pa lilime, ndipo poyenda m'ming'alu ya miyala isungunula pang'onopang'ono michere ya m'miyalamo. Michere iwiri imene ivuta pa nkhani yathuyi ophunzira aitcha calcium ndi magnesium. Ife tingoti laimu, pakuti ndi mtundu umodzi ndi njereza imene tipaka nyumba ndi laimu amene tithira ku pulanti. M'ndowa simungamuone, madzi aoneka abwino ndithu. Koma dontho likauma pa chitsulo, madzi okha ndiwo auluka, laimu atsala, ndipo aunjikana m'mphepete mwa dontho lija. N'chifukwa chake mawangawo ali ngati mphete. Sopo sawachotsa, popeza si matope kapena mafuta: ndi mwala weniweni wopyapyala umene wamatirira pa penti.

Amene munagwirapo ku Joni mudziwa zimene madzi achita ndi mwala wa laimu. Dera la Carletonville likhala pa mwala wa dolomite, umene madzi audya mkati nasiya mapanga, ndipo mu December 1962 nthaka inatseguka pa mgodi wa West Driefontein nimeza nyumba ya makina ophwanyira miyala pamodzi ndi anthu 29. Kuno ku Zimbabwe mapanga a ku Chinhoyi, pa msewu wa ku Chirundu, anakumbidwa ndi madzi m'mwala wotere. Mwala umene madzi asungunula sutayika. Uyenda nawo madziwo, nukatsala pamene madzi aumira, kaya ndi m'ketulo, kaya m'paipi ya boila, kaya pa boneti ya munthu.

Oyesa madzi awerenga motere: lita imodzi ikakhala ndi laimu wosafika mamiligalamu 60, madziwo ndi ofewa, akapitirira 120 ndi olimba, akapitirira 180 ndi olimba kwambiri. Ine ndine kalaliki, tsono loleni ndiwerengetse. Ndowa ya malita 20 ya madzi a 180 isenza laimu woposa magalamu atatu ndi theka. Si wonse atsalira pa galimoto, pakuti madzi ambiri agwera pansi, koma mnyamata uja anathira ndowa zinayi pa tsiku kwa masiku 90, ndizo ndowa 360, ndipo iliyonse inasiya kake.

Wina afunsa kuti, nanga bwanji osatsuka ndi madzi a pa mpopi? Amene akhala m'malokesheni a Harare adziwa yankho lake. Madzi a mzindawu achokera makamaka ku nyanja ya Chivero, imene inatsekedwa pa mtsinje wa Manyame mu 1952, ndipo ayeretsedwa ku Morton Jaffray. Koma anthu achuluka kuposa madziwo, ndipo mipopi ikhala youma masiku ambiri. Mu September 2019 malo oyeretserawo anaima kwa kanthawi chifukwa chosowa mankhwala. Kolera ya 2008 ndi 2009 inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo mu 2018 inabukanso ku Glen View ndi ku Budiriro, kufupi ndi Highfield. Chotero m'zaka zimenezi mijigo ndi zitsime zachuluka, ndipo madzi omwewo ndiwo akumwa, ochapira, ndi otsukira galimoto.

Sindinena kuti mjigo uliwonse uli ndi madzi olimba, iai. Harare sakhala pa dolomite ngati Carletonville. Pansi pake pali makamaka mwala wa granite, wonga matanthwe osanjikizana a ku Epworth, ndi miyala ina yakale ya mtundu umene tipezamo golide. Motero mjigo wina upatsa laimu wochepa, wina wambiri, wina madzi a dzimbiri amene asiya mawanga ofiirira. Ngati mufuna kudziwa za mjigo wa kwanu, suzumirani m'ketulo: mukaona nkhanambo zoyera pansi pake, laimu alipo. Kapena thirani madzi theka la botolo, muponyemo kachibenthu ka sopo wa mtanda, mukhutchumule. Madzi ofewa achita thovu lambiri. Olimba angoyera ngati mkaka wosungunula, thovu lochepa. Ketulo ya m'nyumba ya mkulu uja inali ndi nkhanambo zoti n'kupala ndi chikhadabo.

Ndinapempha mayi a m'nyumbamo kuti andipalireko pang'ono pa mbale, ndipo ndinatuma mnyamatayo ku masitolo akagule botolo la viniga woyera, ndiye chotchipa chija ndinanena. Ife a sukulu ya mishoni tinayamba kumdziwa m'Buku Lopatulika ndi dzina la vinyo wosasa, tisanamuone m'sitolo. Nditadontheza viniga pa nkhanambo zija, zinayamba kuchita thovu ndi kulira pang'ono ngati nsomba m'mafuta, ndipo posachedwa zinasungunuka. Mkuluyo anasendeza mpando nayang'anitsitsa. Ndinati, "Bambo, chimene chili pa mbalepa ndicho chili pa galimoto yanu. Chowawasa chidya laimu. Palibe mfiti pano."

Tsono mverani mmene tinachitira, kuti nanunso mukayese.

Tinadikira kufikira mthunzi wa nyumba utaphimba galimoto, ndipo ndinagwira boneti ndi kunja kwa dzanja kuti ndione ngati yazizira. Chimenechi musachidumphe. Chitsulo chakuda padzuwa la October chitha kupitirira madigiri 60, ndipo chilichonse chimene muthirapo chiuma musanachipukute. Poyamba tinatsuka fumbi lonse ndi madzi ndi sopo wa galimoto, chifukwa fumbi ndi mchenga, ndipo mukalitikita ndi nsalu likanda penti.

Kenaka tinasakaniza viniga ndi madzi, kapu imodzi viniga, kapu imodzi madzi. Viniga wa m'sitolo ali ndi asidi pafupifupi magawo 5 mwa 100, ndipo mukamsungunula motere ali ndi mphamvu yokwanira laimu koma sapweteka penti pa kanthawi kochepa. Madzi osungunulira akhale a mvula, kapena aja osefedwa amene agulitsa ku galaja oonjezera m'batire. Apa ndichenjeze: madzi a batire ndi asidi wa batire ndi zinthu ziwiri. Madziwo ndi madzi chabe opanda mchere. Asidiyo aboola malaya ndi khungu lomwe. Werengani pa botolo, ndipo ngati simutha kuwerenga Chingerezi funsani wogulitsa kawiri.

Tinayamba tayesa pa malo obisika, m'munsi mwa chitseko cha kumbuyo, ndipo titaona kuti penti sanasinthe, tinapitirira. Munyowetse nsalu yofewa yoyera, monga sikipa yakale ya thonje, muiyale pa malo okula ngati zikhatho ziwiri, ikhalepo mphindi imodzi kapena ziwiri. Musalole iume. Chotsani, pukutani mopepuka, tsukuluzani ndi madzi, ndipo muumitse ndi nsalu ina youma. Ngati mawanga atsalako, bwerezani kawiri kapena katatu. Mphamvu ya mkono ilibe ntchito pano. Ife a pa mgodi tazolowera kuti mwala umva nyundo, koma mwala uwu umva kunyowa. Pamene penti anasupuka, chitsulo chili pamtunda, tsukuluzanipo bwino kuti pasachite dzimbiri, ndipo viniga asakhalitse pa marimu a aluminiyamu. Ngati viniga palibe, madzi a mandimu osefa pa nsalu agwiranso ntchito, koma asiya zomata, tsono afuna kutsukuluza kwambiri. Pomaliza pakani polishi wa galimoto, chifukwa viniga achotsa phula lakale limene linali kutchinga penti, ndipo mukasiya chomwecho mawanga atsopano agwira msanga kuposa kale.

Zitseko ndi mbali zonse zinayera bwino lomwe. Pa boneti ndi pa denga ndipo panavuta, ndipo pano ndiyenera kunena zoona, kuti wina asadzanditukwane pa windo kuti kalaliki anatinamiza.

Penti wa galimoto za masiku ano ali ndi mtundu pansi, ndi khungu la vanishi loonekera pamwamba pake. Khungulo ndi lopyapyala, silifika kukhuthala kwa pepala la m'kope. Dontho la madzi a laimu likaumira pa vanishi wotentha tsiku ndi tsiku, limdya pang'ono nkusiya kadzenje. Viniga achotsa laimu amene ali pamwamba, koma kadzenjeko sangakakwirire. Mudzazindikira motere: kuyera kwachoka, koma mukayang'ana cham'mbali mphete ija ionekabe, ndipo kuthira viniga wina sikusintha kanthu. Pamenepo lekani. Chotsala ndi kusalaza vanishiyo ndi polishi wonola wosalala, pang'onopang'ono, ndi nsalu yofewa, osakanikiza m'ngodya ndi m'mphepete, mmene vanishi ali wochepa. Mukaona mtundu wa galimoto pa nsalu, mwaboola, imani pomwepo. Zipsera zakuya zifuna munthu wa makina amene adziwa ntchito yake, ndipo ngakhale iye sangazinole kawirikawiri, pakuti kunola kulikonse kuchepetsa khungu lija. Likatha, liyamba kusupuka ngati njoka yofundula, ndipo chotsala ndi kupopera penti watsopano, ndalama zake zoti mwezi wathunthu wa pansi pa mgodi uthere pa boneti.

Za magalasi ndinene pazokha, chifukwa kumeneko si nkhani ya kukongola. Galasi la kutsogolo likakhala ndi mawanga, masana muona bwino, koma usiku nyali za galimoto yobwera zimwazikira pa banga lililonse, ndipo maso achita khungu. Ambiri a ife tibwerera ku mgodi Lamulungu madzulo, pa msewu wa ku Bindura kapena wa ku Shamva, pamene pali oyenda pansi, njinga zopanda nyali ndi ng'ombe. Kunja kwa galasi mungathire viniga wosasungunula, pakuti galasi samuopa. Mawanga ena pa galasi ndi a mchere wina wa mumchenga umene viniga saudya, ndipo amenewo afuna polishi wa magalasi. Koma waya wotsukira miphika ndi ufa wokwechera sinki musayandikize konse. Zisiya mizere imene sidzachokanso. Ndipo ngati magalasi a m'mbali anamatidwa pepala lakuda mkati, kumeneko musapaleko.

Tili mkati mwa ntchito mkuluyo ananena mawu amene anandiziziritsa thupi. Anati, "Ndiye nzeru yanga inali yolondola. Ku pulanti kaboni akadzala laimu timamtsuka ndi asidi. Ndinati ndikabwerera ndidzatengeko kabotolo."

Ndi zoona kuti ku pulanti ya golide tithira laimu m'matanki kuti sayanaidi asatulutse mpweya wake wakupha, ndipo laimu yemweyo amatirira pa kaboni, chotero kaboniyo atsukidwa ndi asidi wa hydrochloric wosungunula. Nzeru yake ndi yomweyo ya viniga. Koma asidi ameneyo ali ndi ukali woposa wa viniga kutalitali: adya aluminiyamu, achititsa dzimbiri, aononga penti, ndipo dontho limodzi m'diso la mwana wotsuka galimoto lingamchititse khungu. Ndiponso botolo lotoledwa ku pulanti simudziwa chimene linasungapo kale. Asidi akakumana ndi sayanaidi, mpweya wotuluka upha munthu m'mphindi zochepa. Ndipo chinanso ndi ichi, chimene chikhudza ine: wopezeka pa geti ndi mankhwala a kampani achotsedwa ntchito, ndipo kalata yake ndilemba ndine. Ndinati, "Bambo, musandilembetse kalata yanu chifukwa cha boneti." Anaseka, koma anamva. Chimodzimodzi mankhwala otsukira chimbudzi asakhudze galimoto, ndipo viniga musamsakanize ndi Jik, chifukwa ziwirizo pamodzi zitulutsa mpweya wotsamwitsa.

Kuti mawanga asabwerenso, nkhani yake ndi yaifupi, ndipo ndinaiuza mnyamatayo amalume ake akumva. Galimoto itsukidwe kamodzi pa sabata, m'mawa kapena madzulo, pamthunzi. Mutsuke mbali imodzi, mutsukuluze, mupukute iume, ndipo pokhapo mupite mbali ina. Madzi amene alowa m'nsalu apita ndi laimu wake. Amene aumira pa chitsulo amsiya pomwepo. Mvula ikayamba mu November, tcherani mgolo, muleke mvula yoyamba itsuke denga, ndipo musunge madziwo ovundikira chifukwa cha udzudzu. Ndowa imodzi ya madzi a mvula pomalizira ithandiza koposa. Madzi a denga la malata ndiwo abwino, pakuti nyumba zambiri za ku Highfield zili ndi madenga a asibesitosi, amene apangidwa ndi simenti, ndipo simenti itulutsa laimu. Chifukwa chomwecho musaimike galimoto pamene denga lotere kapena khonde la konkire lidonthezera.

Ndipo ndowa ziwiri zikwanira, imodzi ya sopo, ina yotsukuluzira. Pa mjigo uja ndinaona mzere wa amayi ndi ana ndi zigubu zawo, ena ali pamenepo chiyambire m'bandakucha. Sindiganiza kuti n'kwabwino kuti galimoto imwe ndowa zinayi tsiku lililonse pamene nyumba yoyandikana nayo ilibe madzi ophikira nsima. Mwinatu n'chifukwa chake moni anasowa.

Tinamaliza dzuwa litapendeka. Magalasi anayera, zitseko zinawala, denga linatsala ndi mphete zowerengeka, koma boneti ili ndi zipsera zimene zidikira munthu wa makina, ndipo mkuluyo anati zidikira kufikira ngongole itatha. Potuluka pa geti ndinawakoka dzanja kuti ayang'ane cham'mbali galimoto yoyera ya wa nyumba ina uja, amene atunga pa mjigo womwewo. Mphete zomwezo zinali ponseponse, kungoti pa penti woyera sizioneka msanga. Anaima kanthawi, kenaka anaitana mnyamatayo nampatsa botolo lija, muli viniga wotsala theka, nati, "Kawapatse bambo awo, ukawaonetse mmene tachitira. Ukati ndawapatsa moni. Ubwere msanga, Lolemba uli ndi sukulu."

Sabata ya mawa ndibwerera ku mafunso anu a masiku a tchuthi, pakuti makalata ake aunjikana pa tebulo langa. Tsalani bwino.

Ndine wanu,
Kalaliki